Ufa Woterera

Chaka cha njala chija, Sajeni Pitala Namakhwa wa polisi ya ku Balaka sankakhulupirira munthu. Mukamupatsa moni, iye ankayamba wayang'ana chimene mwanyamula m'manja. Ndipo musamunene, abale. Mvula inali itadula chimanga chili m'mawondo, anthu ankaba ndi madeya omwe, ndipo aliyense wogwidwa ankalumbira pali Mulungu kuti anangotola panjira.

Choncho atamuitana Loweruka m'mawa ku nyumba yakale yosungiramo thonje, kuseri kwa njanji, kuti kwasowa matumba atatu a ufa, anapita akuyasamula. Mlandu wa ufa unali ngati chimfine chaka chimenecho.

Pakhomo anapeza mayi wamagalasi, wovala jasi loyera, akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Anali Mayi Scholastica Kalinde, katswiri wosakaniza mankhwala, amene kampani ina yakunja yokumba mafuta a galimoto inamuika pamalopo.

"Sajeni, si ufa wamba uwu. Bwerani muone."

Anatola kaufa kamene kanatayikira pansi, n'kukaponya m'kapu ya madzi, n'kutakasa ndi chala. Madzi aja analimba Pitala akuona. Mayiyo atakweza chala, madziwo anachitsatira m'mwamba, akunanda kuposa therere lothira soda.

"Ntchito yathu ndi imeneyi," anatero mothamanga. "Mafuta akakhala pansi pa nthaka amakakamira m'miyala. Mukapopera madzi wamba kuti awakankhe, madziwo amangodutsa, mafuta n'kutsala momwemo. Ndiye timalemeretsa madzi ndi ufa wina wotchedwa polima. Koma polima ndi wodula, komanso akakumana ndi madzi amchere amafooka. Ine ndikuyesa kumulimbitsa ndi ufa wa chinangwa cha kuno konkuno. Ndikapeza muyezo wabwino ndimatumiza kunja."

"Dziko likufa ndi njala, inu mukudyetsa miyala chinangwa," anatero Pitala.

"Zimenezo mudzandinene mawa. Lero mvetserani. M'matumba abedwawo ndinasakanizamo polima ndi mankhwala ena oletsa chinangwa kuwola. Mankhwala amenewo munthu akamwa amapsa m'mimba, impso n'kuima. Mwana ndiye sachedwa n'komwe."

Kuyasamula kunathera pomwepo.

"Matumbawo munalembapo kuti ndi poizoni?"

Mayiyo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale analibe fumbi. "Matumba athu anatha. Ndinabwezera m'matumba momwe munabwera chinangwamo. Ndimati ndilembe ndikabwerako ku Blantyre."

"Munapita liti?"

"Lachinayi madzulo, pa basi. Ndafika lero."

"Anakuonani ndani mukusakaniza?"

"Palibe. Ndinali ndekha."

Pitala anamukayikira. Wosakaniza yekha, wochoka yekha, wotulukira yekha kuti kwabedwa. Anthu otere anali atawaonapo. Koma atayendera nyumbayo, zimene anaona zinamulozera kwina. Loko anali wosathyoka. Pampu, sikelo ndi kompyuta zinali pamalo pake. Wakubayo anadumpha zonsezo, anadumphanso matumba a polima olembedwa Chizungu, n'kulunjika pa matumba atatu a chinangwa amene anali pakona. Ameneyu anali munthu wodziwa nyumbayo, ndipo sankafuna chogulitsa, ankafuna chodya. Apa Pitala anachita mantha enieni, chifukwa chakudya chaka chimenecho sichinkagona m'thumba.

"Makiyi amasunga ndani?"

"Ena ndili nawo ine. Ena ali pamodzi ndi kiyi wa galimoto, amakhala kwa mlonda."

"Nanga woyendetsa galimotoyo?"

"Che Hamisi. Ali pa tchuthi kuyambira Lachitatu, kwawo ku Nselema. Amayi awo anamwalira, ndiye akukonza sadaka."

* * *

Mlondayo dzina lake anali Goliati, koma amene anamutcha dzinalo anali wachipongwe, chifukwa munthuyo anali wamfupi, wowonda, jekete ikumulendewera m'mapewa. Anali atakhala pa njerwa pafupi ndi geti, chipewa chili m'manja.

"Ine bwana, ine bwana, sindinachoke pano ine. Maso ali tong'o mpaka kucha. Ngakhale mphaka sanadutse, bwana."

"Lachinayi?"

"Eya bwana, ndi Lachisanu lomwe. Ndine mkulu wa mpingo ine, bodza sindilidziwa."

Pitala anamugwira dzanja ngati akumupatsa moni, kenako n'kumukwinyira jekete m'mwamba. Pamkono panali nambala yolembedwa ndi inki, itayamba kufufutika. Aliyense ku Balaka ankaidziwa nambala yotere. Ankalemba ndi anthu oyang'anira mzere ku depoti ya chimanga, kuti ogona pamzerepo asalandane malo.

"Iyi ndi ndime ya m'buku liti, akulu a mpingo?"

"Ana, bwana. Kunyumba tikudya nyika za m'dambo, m'mimba mwa ana mwatupa. Ndinamva kuti kwabwera lole ya chimanga. Ndinapita Lachinayi dzuwa litalowa, ndinabwera dzulo masana. Chinatha ndisanafike pawindo, bwana. Ndinabwera chimanjamanja."

"Makiyi munapita nawo?"

"Iyayi. Ndinaika pansi pa njerwa ndakhalirayi."

"Amaidziwa njerwayi ndani?"

Goliati anayang'ana pansi, n'kuyankha ngati munthu woulula za m'nyumba mwa eni. "Tonse a pano, bwana. Tilipo atatu."

Pitala anamumvera chisoni, koma chisonicho anachibweza msanga. Munthu wa ana otupa mimba ndiye woyamba kumuganizira pa mlandu wa ufa. Anamuuza kuti asasunthe, iye n'kupita pa kapikapu koyera ka kampani, kamene kanali pamthunzi mame asanaume bwino. Anadutsitsa chala kumbuyo konyamulira katundu. Chala chinaterera, ndipo atachikweza, kaulusi koyera kananandira m'mwamba.

"Mayi Kalinde, ufa wosakanizawo munaunyamulapo pa galimotoyi?"

"Iyayi. Sunatulukepo m'nyumbamo."

"A Goliati amayendetsa?"

"Ngakhale njinga sadziwa."

"Ndipatseni nambala ya Che Hamisi."

Foni inayankhidwa msanga. Kumbuyo kwa mawu a Hamisi kunkamveka phokoso la anthu ambiri, amayi akuitanizana, ndowa zikugundana.

"Sikomo, bwana Sajeni, sikomo kwejinji. Ine kuno ndinabwera Lachitatu, sindinasunthe. Funsani Shehe, funsani mudzi wonse. Walahi, tili pa ntchito ya mayi athu."

"Kuntchito kwanu kwabedwa ufa. Ngati mukumudziwa amene watenga, muuzeni asadye. Ndi poizoni."

Hamisi anaseka, kuseka kwaulemu kwa munthu amene waona msampha usanamukole. "Aa, bwana, nzeru za apolisi timazidziwa. Chinangwa cha kwathu konkuno, chimene ndinagula ndekha kwa alimi n'kukachigayitsa ndekha, chasanduka liti poizoni?"

"Ine ndati ufa, Che Hamisi. Za chinangwa mwazitenga kuti?"

Pomwepo foni inaduka, ndipo Pitala ataimbanso anaipeza yozimitsa.

* * *

Pitala anaimbira apolisi a ku Nselema, koma amene analipo onse anali atapita kukalondera kogawa chimanga cha chithandizo. Pikapu nayo inali ndi mafuta ongokwanira kufika pa Liwonde, ngati kuti wina anali atayenda nayo ulendo wautali usiku. Taonani zinthu, kampani yokumba mafuta, thanki ili gwa! Mayi Kalinde anathamanga ndi chigubu kukagula, Pitala n'kutsala akuganiza.

Kuterereka kwa lilime si umboni. Dalaivala aliyense akhoza kuganiza za chinangwa, ndipo mudzi wonse unali wokonzeka kulumbira kuti mwana wawo sanachoke. Koma munthu wosenza matumba atatu a ufa amayera mbuu, tsitsi ndi nsidze zomwe. Akabweza galimoto, sangakwere minibasi ali choncho anthu osamufunsa. Nanga anakasamba kuti? Mpopi wa pakampani unali wouma sabata yonse. Pitala anaponya maso kutsidya kwa njanji, n'kuona kamwezi ka pamwamba pa mzikiti.

Muazini, mkulu woitanira anthu ku mapemphero a swala, anamupeza atagona chammbali pamkeka pakhonde, chiuno atamanga ndi nsalu. Dzina lake anali Che Umali, ndipo pakamwa pake sipanavulale nawo.

"Mwabwera! Ndimati boma latiiwala. Imvani, mwanangu, pa mzikiti uno pabwera majini. Zaka zonsezi ndikuyenda pa simenti ija posambira, sindinagwepo. Dzulo m'mamawa ndangoti phazi ponde, dziko lonse gubudu! Subuhana Llah! Pansi ponse therere lokhalokha. Ndani angaphike therere pamalo a wudhu, posamba anthu a Mulungu asanaswali?"

"Anayamba kusamba ndani, ambuje?"

"Mwana wabwino, uja wa malemu Abiti Wasili a ku Nselema. Hamisi, dalaivala. Anafika ine ndisanaitane n'komwe. Ndiye ndikumuona. Lamulo lathu ndi katatu: manja katatu, nkhope katatu, mikono mpaka m'zigongono katatu. Koma iye kusamba, kusamba, kusambanso, ndowa yonse psiti! Ndimvekere, 'Che Hamisi, machimo ake otani osachoka ndi katatu?' Iye amvekere, 'Ndi sopo wa kuntchito, ambuje, sachoka msanga.' Madzi akumulendewera m'zala ngati ulusi."

"Mukutsimikiza kuti linali dzulo? Osati Lachitatu?"

"Lachisanu, tsiku la Ijuma, ndingaliiwale ine? Ngati mutu waiwala, chiuno chikukumbuka." Nkhalambayo inadzuka pang'ono ndi chigongono, n'kumuyang'anitsitsa. "Koma musamuganizire zoipa mwana uja. Amayi ake pa njala yakale ija anadyetsa mudzi wonse, mpaka mbuzi zawo zinathera pomwepo. Lero iye awaperekeze ndi madzi a pachitsime? Anandiitana, anati, 'Ambuje, mawa mubwere, swala ya masana ikangotha. Sadaka ya mayi anga sibweza munthu, thobwa likhala la m'migolo.' Chipanda chiunochi bwenzi ndili panjira."

Pitala anakweza maso kuyang'ana dzuwa. Linali litakwera kale.

* * *

Mayi Kalinde anayendetsa ngati wothawa nkhondo. Anaoloka Shire pa Liwonde, n'kukhotera msewu wa ku Ntaja, minda ya chimanga chofota ikuthawira m'mbuyo. Njira yonse ankangobwereza mawu amodzi, "Ndikanangolemba, ndikanangolemba," ndipo Pitala sanamutonthoze. Atadutsa msika wa Nselema sanafunse njira. Anangotsatira anthu amene ankalowera mbali imodzi, ana kumsana, makapu m'manja.

Pabwalo anthu anali nyomi. Amuna anakhala pamikeka kutsogolo, amayi kumbuyo, ndipo kupitirira apo panali khamu la anthu osaitanidwa, Asilamu ndi Akhristu omwe, ena ochokera kutali ku Ngokwe. Pa sadaka safunsa kuti ndiwe wa kwa yani. Shehe anali pakati pa pemphero la dua, manja atatambasula, anthu akuvomera. Pansi pa mtengo wa mango panali migolo inayi yovundikira ndi masamba a nthochi, ndipo maso ambiri sanali kwa Shehe, anali pa migolopo. Akangoti Amina womaliza, kugawa kuyambe.

Pitala analunjika pa mtengowo. Mayi wina wachitsikana, chikho m'manja, mwana kumsana, anamutchingira mwaulemu. Anali Nafisa, mlongo wake wa Hamisi.

"Takulandirani, bwana, koma dikirani dua ithe. Lero aliyense amwa. Chimera tinali nacho chochepa, thobwa linali madzi okhaokha, mpaka ndinalira. Koma titathira ufa wa achimwene m'mawa uno, migolo yonse yalimba. Mulungu wachulukitsa."

Pitala anavundukula mgolo n'kuviika chala. Thobwa linamutsatira m'mwamba.

"Thobwa ili lisamwedwe!" anakuwa. "Muli poizoni!"

Ha! Bola akanatukwana. Dua inaima pakati, amuna anadzuka pamikeka. Chaka chimenecho yunifolomu ya polisi inkatanthauza munthu wobwera kudzakuchotsa pamzere, ndipo uyu anali ataima pakati pa anthu ndi chakudya chawo choyamba cha sabatayo.

"Akufuna akamwe okha kupolisi!" anakuwa wina.

"Poizoni pa sadaka ya Abiti Wasili? Tachokani apa, inu!"

Mwala unagwa pa pikapu, wina n'kudutsa pafupi ndi khutu la Pitala. Kumbuyo, anthu osaitanidwa aja anayamba kusendera, makapu atatsogoza. Pitala anaona kuti khoswe wakhala pamkhate. Akagubuduza migolo yekha, amupha, ndipo akaisiya, madzulo ano mudzi uno ukhala wa maliro. Pakamwa pokha pamene anthuwa akanakhulupirira panali pa munthu wamtali wa mkanjo woyera, amene ankabwera akupatula khamulo ndi manja.

Anali Hamisi. Anafika pafupi n'kulankhula motsitsa mawu, misozi ili m'maso.

"Bwana, osati lero. Mawa ndibwera ndekha ku Balaka, mudzandimange, sindikana. Goliati alibe mlandu. Koma lero musanyazitse mayi anga."

Pitala anamuonetsa chala, thobwa likulendewerabe. "Chinangwa cha kwanu chimachita chonchi? Dzulo kumzikiti munasamba kangati?"

Hamisi anayang'ana chalacho, n'kuyang'ana manja ake.

"Che Hamisi," anatero Mayi Kalinde, "ndinathiramo mankhwala Lachinayi, inu mutapita. Aja a m'chigubu chofiira, amene ndimakuletsani kugwira opanda magolovesi. Sindinalembe pamatumba. Kulakwa kumeneko ndi kwanga."

Chigubu chofiiracho Hamisi ankachidziwa. Ankachinyamula yekha kuchokera ku Blantyre, atachikulunga m'mapepala, kutali ndi chilichonse chodyedwa. Nkhope yake inatuwa.

"Auzeni," anatero Pitala. "Ine sandimvera."

"Ndiwauze kuti chiyani?"

"Kumene unachokera ufawo. Mukabisa pamenepo, sakhulupirira zinazo."

Hamisi anatembenuka. Anaona Shehe, anaona amalume ake, anaona amayi okalamba amene anasambitsa thupi la mayi ake. Onsewo anali atamutamanda m'mawa womwewo kuti Abiti Wasili anasiya mwana wamwamuna. Anakwera pa benchi, ndipo phokoso linatsika lokha.

"Abale anga," anayamba. "Ufa uja ndinakuuzani kuti abwana andipatsa wa chipepeso. Ndinanama. Ndinaba. Ndinabwerera ku Balaka inu osadziwa, ndinatsegula ndi kiyi wa mlonda, ndinaba. Ndimayesa ndi chinangwa, koma muli mankhwala akupha. Sadaka ya mayi anga ndaiphika ndi zakuba. Musamwe."

Anatsika, n'kuika phewa pa mgolo woyamba, n'kuukankha. Wachiwiri, wachitatu, wachinayi, mkanjo woyera uja ukusanduka wofiirira. Thobwalo silinalowe m'nthaka monga amachitira madzi. Linangoyenda pang'onopang'ono pabwalo, likunanda, ndipo apa m'pamene anthu anakhulupirira.

Kulira kumene kunabuka, musamve. Sankalirira manyazi a Hamisi, ankalirira chakudya. Mayi wina anagwada ndi kapu kuti atungeko pansi pomwepo, ndipo Shehe mwini wake ndiye anawerama n'kumulanda kapuyo mofatsa. Pitala anali ataona zambiri chaka chimenecho, koma izi zinamupweteka mumtima.

Anatulutsa unyolo m'thumba. Hamisi anatambasula manja osauzidwa.

Koma Pitala asanatseke, anaona Nafisa. Pa amayi onse, iye yekha sankalira. Anali atamasula nsalu, mwana uja atamutsitsa kumsana, akumugwedeza.

"Salma. Salma, dzuka." Anakweza maso kwa mlongo wake. "Amalira njala m'mawa, achimwene. Ndinangomupatsa kakapu kamodzi ndisanavundikire. Ndimayesa wagona chifukwa wakhuta."

Mutu wa mwanayo unagwera chagada. Pakamwa panali thovu.

Mayi Kalinde anagwada n'kuika khutu pachifuwa cha mwanayo. "Akupuma. Koma apa pafupi sangamuthe, afunika chipatala chachikulu ku Liwonde." Anapisa m'thumba kutulutsa makiyi a galimoto, koma makiyiwo anamupulumuka n'kugwera m'fumbi.

Pitala anawatola. Anayang'ana unyolo, anayang'ana Hamisi, kenako unyolowo anaubwezera m'thumba.

"Maenje a msewu uwu umawadziwa ndi iwe. Yendetsa."

Hamisi anapukuta manja pa mkanjo, koma ankatererabe. Anawapaka dothi, n'kulandira makiyi. Khamu linapatuka lokha. Nafisa anakhala kutsogolo ndi mwana, Mayi Kalinde pambali pake, ndipo Pitala anakwera kumbuyo n'kugwada pafupi ndi kawindo, galimoto ikudumpha mizere ya m'munda kulowera kumsewu.

Atafika pa tala, Hamisi analankhula osatembenuka.

"Bwana, akapanda kufika..."

"Yang'ana msewu, Hamisi."